Chimfine, kutsegula m'mimba ndi chibayo m'masiku khumi: lipoti la mwana wa miyezi 20 ku Zomba

Ndine kiliniko ofesala pa chipatala chaching'ono kunja kwa mzinda wa Zomba. Lipoti ili ndalembera anzanga a ntchito yomweyi, anamwino, alangizi a zaumoyo a m'midzi, komanso kholo lililonse limene linauzidwapo kuti "ndi chimfine chabe, chitha chokha." Mawu amenewa amakhala oona nthawi zambiri, ndipo ine ndimawanena tsiku ndi tsiku. Koma pa mwana uyu ndinawanena n'kusiya chinthu chimodzi chofunika, ndipo panatenga masabata asanu ndi limodzi kuti abwerere mwakale. Dzina lake ndi mudzi wake ndabisa. Makolo ake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe.

Asanadwale

Ndi mwana wamwamuna, wa miyezi 20. Kabuku kake ka kusikelo kanali kosangalatsa kukawerenga. Katemera yense analandira pa nthawi yake, kuphatikizapo wa chibayo wa PCV13, amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2011, ndi wa rota woteteza kutsegula m'mimba, amene anabwera mu 2012. Pa sikelo ya mwezi wa Juni analemera makilogalamu 10.1, ndipo mkono wake, ukauyeza mozungulira, unali masentimita 13.0. Mayi ake anayezetsa HIV kusikelo ya amayi oyembekezera, alibe kachilombo. Kuyamwa anasiya ali ndi miyezi 17, mayi atapezeka ndi pakati pena. Anganga ake, amene amakhala pakhomo pomwepo, ndiwo analamula kuti aleke, poti amati mkaka wa mayi woyembekezera umadwalitsa mwana. Chikhulupiriro chimenechi n'chofala kwathu kuno, ngakhale kuti mayi wapakati wathanzi akhoza kupitiriza kuyamwitsa popanda vuto.

Ulendo woyamba, tsiku lachiwiri la matenda

Munali mu Julayi, chiperoni chitakuta phiri kwa masiku angapo, m'mawa uliwonse mzere wa odwala uli zifuwa ndi mamina okhaokha. Kunyumba kwawo anayamba kutsokomola ndi mlongo wake wa sitandade 2, kenako bambo, kenako iyeyu. Mayi anabwera atamubereka, atamufunditsa nsalu ziwiri.

Thupi linali litatentha kufika 38.6. Amapuma ka 34 pa mphindi, pomwe kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu timayamba kuganiza za chibayo akafika ka 40. Nthiti sizimalowa, m'chifuwa munalibe phokoso lachilendo, kukhosi kunali kofiira pang'ono, makutu ali bwino. Malungo tinayeza, sanapezeke. Mwa ndondomeko ya IMCI imene timatsata poyeza ndi kuchiza ana odwala, ichi ndi chifuwa kapena chimfine, osati chibayo, ndipo mankhwala opha mabakiteriya safunika. Ndinapereka Panado, ndinawauza kuti azimumwetsa zamadzimadzi zofunda, ndiponso kuti akaona akupuma mothamanga kapena akufooka abwere msanga. Pa izi sindinalakwe. Atabweranso lero ali chomwecho, ndingachite zomwezo.

Pamene ndinalakwa ndi apa. Mayi akumanga mwana kumsana anati, "Koma adokotala, mwanayu sakudya. Phala akungotsekera pakamwa." Ine maso ali pa kabuku ka wodwala wotsatira ndinayankha kuti, "Musade nkhawa mayi, akachira adya yekha."

Ulendo wachiwiri, tsiku lachisanu ndi chimodzi

Ulendo uno anatsogola ndi anganga. Kutentha thupi kunali kutatha pa tsiku lachinayi, chifuwa chitatsala pang'ono, koma kwa masiku awiri mwana amatsegula m'mimba kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Chimbudzi chinali chamadzi, chonunkha mowawasa, chopanda magazi. Sichinali chonga madzi otsukira mpunga. Chichitikireni mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 funso limeneli sitiliphonya. Mimba inali yodzaza mpweya koma yofewa. Maso olowa pang'ono, ludzu lambiri, khungu la pamimba ukalitsina limabwerera mochedwa. Pa sikelo, makilogalamu 9.5.

Ndinamukhazika pa benchi ndi kapu ya ORS, mamililita 75 pa kilogalamu iliyonse m'maola anayi, kutanthauza pafupifupi mamililita 700. Akumwa, ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa poyamba paja: chiyambireni kudwala, wadya chiyani? Tiyi wa shuga. Sobo wosungunula. Masupuni awiri kapena atatu a phala la ufa woyera, lamadzimadzi. Basi, kwa masiku asanu. Nsima ayi, nyemba ayi, ndiwo zamasamba ayi, ngakhale nthochi. Mayi anati, "Timaopa kumukakamiza, poti munanena kuti akachira adya yekha." Mawu anga omwe aja, atabwerera kwa mwini wake.

Kenako anganga anamasula mfundo ya pa nsonga ya chitenje n'kutulutsa mapiritsi a Bactrim, mankhwala opha mabakiteriya. "Panado yekha n'kuchiza mwana, adokotala? Ine ndinapita pa golosale n'kumugulira awa." Amamupatsa theka m'mawa, theka madzulo, kwa masiku atatu. Tsopano amafuna ndiwalembere Flagyl woti atseke m'mimbamo. Sindinawakalipire. Anaona mdzukulu wawo akuvutika, kuchipatala abwerako ndi Panado yekha, ndiye anatenga ndalama yawo yochepa n'kuchita zimene anaziona zothandiza. Ndinawapempha kuti mapiritsiwo andisiyire, ndinakana Flagyl, n'kupereka zinc wa mamiligalamu 20 tsiku lililonse kwa masiku khumi pamodzi ndi mapaketi a ORS.

Tinafufuza zina zimene zikanatha kuyambitsa kutsegulaku. Madzi amamwa a pa mjigo womwewo banja lonse, ndipo palibe wina amene anatsegula m'mimba. Chimbudzi tinachiona pa maikulosikopu, munalibe mazira a njoka, amiba kapena giardia. Pali mavairasi ena, monga adenovirus, amene amagwira pakhosi ndi m'matumbo nthawi imodzi, ndipo pa chipatala chathu tilibe zida zowasiyanitsira. Tilibenso makina owerengera mitundu ya mabakiteriya a m'chimbudzi. Choncho zimene ndikufotokoza m'munsimu si zimene ndinayeza mwa mwanayu. Ndi mmene ndikumvetsera ndondomeko ya matenda ake ndikaiyika pambali pa zimene ofufuza anapeza.

Zimene chimfine chimachita kumatumbo

M'thupi la munthu wamkulu mumakhala mabakiteriya pafupifupi 38 thililiyoni, ochuluka ngati maselo a thupi lenilenilo, ndipo ambiri mwa iwo ali m'matumbo aakulu. Odwala ndimawauza kuti awa ndi ziweto za m'mimba. Monga mmene nkhuku ndi nkhumba zimadyera madeya amene ife tasiya, mabakiteriyawa amadya mbali ya chakudya imene mimba yathu singathe kugaya: gaga wa mu mgaiwa, makoko a nyemba ndi nandolo, mitsempha ya nkhwani ndi bonongwe, zina za mu mbatata ndi nthochi. Akadya amatibwezera timaasidi tina, makamaka acetate, propionate ndi butyrate. Butyrate ndiye chakudya chachikulu cha maselo a khoma la matumbo aakulu. Maselowo akamadya butyrate amagwiritsa ntchito okosijeni wambiri, motero m'kati mwa matumbo mumakhala mopanda okosijeni, ndipo malo otere ndi amene mabakiteriya abwino amakonda. Butyrate akachepa, okosijeni amawonjezekera, ndiye mitundu monga E. coli ndi Salmonella, imene imakula msanga pamene pali okosijeni, imapeza mpata.

Mwana wa miyezi 20 khola lake limakhala lisanakhazikike. Kafukufuku wa mu 2012 amene anayerekeza chimbudzi cha ana ndi akulu a ku Malawi kuno, ku Venezuela ndi ku United States anapeza kuti kumayiko onsewa mabakiteriya a mwana amafika pofanana ndi a wamkulu akamakwanitsa zaka zitatu. Asanafike pamenepo n'ngosavuta kusokoneza. Mkaka wa m'mawere uli ndi mtundu wa shuga umene mwana sagaya, ntchito yake ndi kudyetsa mabakiteriya otchedwa Bifidobacterium. Mwana woyamwa akadwala n'kukana phala, nthawi zambiri bere sakana, ndiye ziweto zake zimadyabe. Uyu bere analibe.

Nanga kachilombo ka m'mphuno ndi m'mapapo kamafika bwanji kumatumbo? Kawirikawiri sikafikako n'komwe. Mu 2014 ofufuza a ku China anapatsira mbewa kachilombo ka influenza, koyambitsa chimfine champhamvu, kudzera m'mphuno. Matumbo a mbewazo anawonongeka, koma atafufuza m'matumbomo kachilomboko sanakapezemo. Chimene anapeza ndi maselo a chitetezo cha m'thupi amene anadzutsidwa m'mapapo n'kuyenda ndi magazi kukafika kumatumbo aang'ono, komwe anatulutsa interferon, chinthu chimene thupi limapanga polimbana ndi tizilombo. Mitundu ya mabakiteriya inasintha, E. coli anachuluka, khoma la matumbo linatupa. Mu 2016 ena a ku Los Angeles anaonetsa kuti mbewa zodwala influenza zimagonja msanga zikapatsidwa Salmonella. Kwa ife kuno izi si zakutali, chifukwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kwakhala kukupezeka kwa zaka zambiri kuti Salmonella ndi mmodzi mwa mabakiteriya amene amalowa kwambiri m'magazi a ana, makamaka onyentchera, osowa magazi ndi amene angodwala kumene malungo.

Koma kafukufuku amene anandikhudza kwambiri ndi wa ku Imperial College ku London. Mu 2018 anaona kuti mbewa zodwala RSV (kachilombo kena ka chifuwa) kapena influenza zimasintha mabakiteriya a m'matumbo: gulu la Bacteroidetes limakwera, la Firmicutes limatsika. Mu 2020 anafunsa kuti chimasinthacho n'chiyani kwenikweni, ndipo yankho linali losavuta kumva: mbewa zodwala zimasiya kudya. Kuchepa kwa chakudyako pakokha kunali kokwanira kubweretsa kusintha kofanana ndi kumeneko. Mabakiteriya amene amadalira zotsalira za chakudya amachepa, pomwe amene angathe kudya mamina otchinga khoma la matumbo amachuluka. Ziweto zikasowa madeya zimayamba kudya khola.

Izi ndi za mbewa, ndipo mbewa si mwana. Kwa anthu, umboni wambiri unabwera ndi Covid-19. Pa kafukufuku wa ku Hong Kong amene anatuluka mu 2021 anayeza chimbudzi cha odwala 100 n'kupeza kuti mabakiteriya othandiza monga Faecalibacterium prausnitzii, Eubacterium rectale ndi mitundu ina ya Bifidobacterium anali atachepa, ndipo kwa ena anakhalabe ochepa mpaka masiku 30 matendawo atatha. Amene mabakiteriya awo anasokonezeka kwambiri ndi amenenso anadwala kwambiri. Covid-19 amasiyana ndi influenza chifukwa khomo limene kachilombo kake kamalowera m'maselo, lotchedwa ACE2, lilinso m'matumbo, motero kamatha kukhazikika komweko. Ife amene tinagwira ntchito mu Januwale 2021, nthawi imene ngakhale nyumba ya boma ya ku Zomba inasandutsidwa chipatala, tikukumbukira odwala angapo amene dandaulo lawo loyamba linali la m'mimba, osati la chifuwa.

Tsono pa mwanayu panagwa zinthu zitatu nthawi imodzi. Chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi kachilombo. M'matumbo simunalowe chakudya cha mabakiteriya kwa masiku asanu, poti tiyi, Sobo ndi phala la ufa woyera zimathera m'matumbo aang'ono, kumunsi sikufika kanthu. Shuga wochuluka amakokeranso madzi m'matumbo n'kuwonjezera kutsegulako. Pamwamba pa izo panabwera Bactrim, amene kachilombo ka chimfine sakakhudza n'komwe koma amapha mabakiteriya a m'matumbo mosasankha. Pa zitatuzi, choyamba sitikanachiletsa. Ziwiri zinazo zinali m'manja mwathu, ndipo ndikukhulupirira kuti zonse ziwiri zinachokera pa ulendo woyamba uja. Ndikanakhala pansi mphindi zitatu n'kufotokoza chifukwa chimene sindikuperekera makapisozi, n'kuwapatsa ntchito yoti akachite kunyumba, anganga sakanapita pa golosale. Munthu amene wauzidwa kuti "dikirani" amakasaka chochita kwina.

Ulendo wachitatu, tsiku lakhumi

Tsiku lachisanu ndi chimodzi lija ndinawalangiza za kadyedwe, koma mwana anali atafooka kale ndipo amangodya pang'ono. Kutsegula kunachepa kufika katatu pa tsiku. Usiku wa tsiku lachisanu ndi chinayi thupi linatenthanso, ndipo m'mawa anabwera pa kabaza, bambo ake atajomba kuntchito.

Thupi 39.2. Kupuma ka 52 pa mphindi, ndinawerenga kawiri ali chete. Nthiti za m'munsi zikulowa akamakoka mpweya. Kumunsi kwa phapo la kumanja kumamveka kuthetheka. Okosijeni m'magazi 93 peresenti. Amatha kumwa, samasanza chilichonse, sanakomoke. Malungo tinayezanso, sanapezeke. Sikelo makilogalamu 9.3, mkono masentimita 12.4, kutanthauza kuti walowa m'gulu la onyentchera pang'ono, limene limayambira pa 11.5 kulekezera pa 12.5. M'masiku khumi anali atataya pafupifupi 8 peresenti ya kulemera kwake.

Ichi tsopano chinali chibayo. Ndondomeko yake ndi yodziwika kwa aliyense wa ntchito yathu: chimfine, kuoneka ngati wachira, kenako kutentha thupi kachiwiri patapita sabata kapena kuposerapo. Pa mliri wa influenza wa 1918, ofufuza amene mu 2008 anaunikanso mapapo a omwalira pa mliriwo anapeza kuti ambiri anaphedwa ndi chibayo cha mabakiteriya chobwera pambuyo. Kusukulu tinaphunzira chifukwa chake: kachilombo kamasenda khungu la njira ya mpweya, tiubweya totulutsa makhololo timafa, ndiye pneumococcus, bakiteriya woyambitsa chibayo amene amakhala m'mphuno mwa ana ambiri amatsikira m'mapapo. Zimenezi n'zoona, ndipo katemera wa PCV13 amateteza ku mitundu 13 yokha mwa mitundu yoposa 90 ya bakiteriyayu.

Chimene sitinaphunzire ndi mbali ya matumbo. Mu 2020 ofufuza a ku Lille ku France anatenga mabakiteriya a m'matumbo a mbewa zodwala influenza n'kuwaika mwa mbewa zina zimene sizinadwalepo. Mbewa zolandirazo, mapapo ake ali abwinobwino, zinalephera kulimbana bwino ndi pneumococcus. Chimene chinachepa ndi acetate, amene amachoka m'matumbo n'kuyenda ndi magazi kukalimbitsa maselo a m'mapapo omeza mabakiteriya. Atazipatsa acetate, mphamvu yolimbana ndi chibayo inabwerera. Iwonso anapeza kuti gwero lake linali kusadya. Ndipo kale mu 2011, ku Yale, anali ataonetsa kuti mbewa zomwetsedwa maantibayotiki zisanadwale zimakhala ndi chitetezo chofooka ku influenza. Msewu wa pakati pa mapapo ndi matumbo ndi wopita ndi kubwera. Mapapo akadwala matumbo amasokonezeka, matumbo akasokonezeka mapapo amataya ena mwa alonda ake.

Kodi mwanayu akanadya bwino chibayo sichikanabwera? Wodwala mmodzi sangayankhe funso limeneli. Chimene ndinganene n'chakuti mlongo wake, amene anadwala chimfine chomwecho koma amadya nsima yake, anachira m'masiku asanu, ngakhale kuti iye ndi wamkulu ndipo chitetezo chake n'chokhwima. Ndinganenenso kuti kunyentchera ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika bwino zimene zimachititsa kuti mwana adwale chibayo ndi kufa nacho.

Chithandizo

Ndinamulembera amoxicillin wosungunuka m'madzi, kawiri pa tsiku kwa masiku asanu molingana ndi sikelo yake, ndipo mlingo woyamba anamwera pomwepo. Popeza okosijeni anali pamwamba pa 90, amamwa bwino, alibe HIV ndipo kwawo si kutali, ndinamulola kukamwera kunyumba, koma ndinati abwere pakatha masiku awiri, ndipo akabanika usiku apite ku chipatala chachikulu cha Zomba Central osadikira kuti kuche.

Apa anganga anandifunsa funso loyenera. "Nanga si inu nomwe munandilanda mankhwala tsiku lija? Lero mwasintha bwanji?" Ndinawayankha kuti, "Anganga, tsiku lija munali kachilombo ka chimfine, kamene mankhwala awa sakapha. Lero mwalowa kena, ka chibayo, kamene amakapha. Mankhwalawa ali ngati moto wa lupsa. Umayatsa ukakhala ndi chifukwa, podziwa kuti upsereza ndi zabwino zomwe. Awanso aphako tizilombo tabwino ta m'mimba mwa mdzukulu wanu, koma lero chibayo n'choopsa kuposa zimenezo. Ndiye mbali yanu ndi kudyetsa totsalato kuti tisathe." Anagwedeza mutu n'kufunsa kuti tizilombo timeneto timadya chiyani. Kuchokera pamenepo anganga ndiwo anasanduka namwino wamkulu wa mwanayu.

Tinagwirizana zinthu zimene zinalipo kale pakhomo pawo. Phala la mgaiwa lolimbirako, osati lamadzi, lothira nsinjiro ndi kasupuni ka mafuta ophikira. Nthochi yakupsa yokanya. Mbatata yofiira m'kati yophika. Nyemba kapena nandolo zopota, masiku oyamba zosefa makoko chifukwa cha mpweya wa m'mimba, kenako ndi makoko omwe. Nkhwani wotendera wophwanya bwino. Usipa wosinja akaupeza. Sobo ndi tiyi wa shuga zilekeke. Osati mbale yodzaza katatu pa tsiku, imene mwana wodwala amangoiona n'kulira, koma masupuni atatu kapena anayi maola awiri alionse, atamufungata, m'mphuno atamupukuta kaye, ndiponso patapita kanthawi atamwa Panado pamene thupi lazizirako. Osamutsina mphuno kapena kumugoneka chagada pomudyetsa, chifukwa phala likhoza kulowa m'mapapo. Akachira, chakudya chowonjezera kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri. Ndinamulembetsanso m'ndondomeko ya ana onyentchera pang'ono kuti azilandira Likuni Phala.

Mawu akuti mwana wodwala azidyetsedwabe ali mu IMCI kuyambira kalekale, si ine ndawatulukira. Koma pa mzere wa odwala 80 ndi mawu amene amayamba kugwa, chifukwa timawaona ngati malangizo apamwamba chabe, pomwe chithandizo chenicheni timati ndi chimene chalembedwa m'kabuku kuti akalandire pa windo la mankhwala. Dziko lathu lomwe lino linaphunzitsa dziko lonse za nkhani imeneyi. Mu 2013 kunatuluka kafukufuku wa mapasa a m'mabanja 317 a kuno ku Malawi, wochitidwa mogwirizana ndi Washington University ya ku St. Louis. M'mabanja ena mmodzi wa mapasa amatupikana, mnzake ayi, akudya mbale imodzi. Ofufuza ataika mabakiteriya a mwana wotupikana mwa mbewa zopanda mabakiteriya alionse n'kuzidyetsa chakudya chonga chathu, mbewazo zinawonda kwambiri. Anawo atapatsidwa chiponde, mabakiteriya awo anayamba kukonzeka, koma atasiya anabwerera m'mbuyo. Kwa ine izi zikutanthauza kuti mwana amene ali m'malire ngati uyu, chimfine chimodzi chikhoza kumukankhira kutsidya, ndipo kubwerako si kwa tsiku limodzi.

Bambo ake anafunsa za mankhwala a mabakiteriya abwino amene anawaona mu famase m'tauni. Ndinawauza kuti ndalama imeneyo agulire mtedza, nthochi ndi mazira. Mabakiteriya a m'botolo amangodutsa, ndipo nawonso popanda chakudya sakhazikika.

Mmene anachirira

Pa tsiku la 12 thupi linali 37.4, kupuma ka 38, nthiti zitasiya kulowa. Amoxicillin anamaliza masiku onse asanu. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo anakaona paketi yopanda kanthu. Monga ndinawachenjezera, chimbudzi chinafewanso akumwa mankhwalawo, ndipo ulendo uno palibe amene anapita pa golosale. Anapitiriza ORS ndi zinc.

Chimene chinachedwa ndi m'mimba. Kwa masabata atatu chimbudzi chinali chofewa, kawiri kapena katatu pa tsiku, mimba imalira, ndipo mkaka wa ng'ombe umene anamugulira kamodzi unamutsegulanso. Izi zimachitika chifukwa khoma la matumbo likasendeka limataya kwa kanthawi mphamvu yogaya shuga wa mu mkaka. Ndinati ausiye kaye, ayese chambiko chaukhondo pang'ono, chimene shuga wake wachepa kale, ndipo anachilandira bwino. Ndinali wokonzeka kumutumiza ku Zomba Central ngati chimbudzi chamadzi chikanapitirira masiku 14 kapena sikelo ikanatsikanso, komanso kumufufuza TB ngati chifuwa chikanakhalitsa. Palibe chimene chinachitika mwa zimenezi. Pa sabata yachitatu analemera makilogalamu 9.6, pa yachinayi 9.8.

Pa sabata yachisanu ndi chimodzi anabwera akuyenda yekha, atagwira chitenje cha anganga ake, m'dzanja lina muli mbatata. Sikelo 10.2, mkono 12.9, m'chifuwa moyera, chimbudzi kamodzi pa tsiku. Wabwerera pamene anali mu Juni, kutanthauza kuti miyezi iwiri ya kukula yamudutsa.

Kuyambira pa mwanayu, m'kabuku ka mwana aliyense wa chimfine ndimalemba mzere umodzi wowonjezera, wa zimene wadya dzulo, ndipo amene wadya zosakwana theka la masiku onse ndimamuitananso pakatha masiku awiri ngakhale m'chifuwa muli bwino. Ndimafunsanso mosabisa ngati kunyumba kuli mapiritsi ogula, ndipo ndimafunsa wamkulu wa pakhomopo, osati mayi yekha. Mwanayu sitinamutulutse m'kaundula. Mayi ake akuyembekezeka kuchira mu Novembala, nthawi imene maso onse adzakhala pa wakhanda ndipo nkhokwe idzakhala itayamba kupepuka, choncho tagwirizana ndi mlangizi wa zaumoyo kuti azimuyeza sikelo ndi mkono mwezi uliwonse mpaka chimanga chatsopano chitacha.